Zikiri ikauma pakamwa: kodi alakatuli a Chisufi amati kukayika n'kwabwino?

Funso

Ndakhala ndikuchita zikiri ndikatha swala ya m'bandakucha kwa zaka zitatu tsopano. Chaka choyamba misozi inkangotsika yokha. Lero milomo ndiyo ikuyenda, mtima uli kumsika, ndipo nthawi zina limandibwerera funso loti kodi alipo amene akundimva. Mnzanga wanditumizira ndakatulo za Rumi pa WhatsApp, akuti Asufi amati kukayika ndi chizindikiro chabwino. Ndi zoona? Ndipitirize, kapena ndiyambe ndapumulako?

Wowerenga wa ku Mangochi

Yankho

M'bale wanga, musapumule. Koma musapitirizenso m'chimbulimbuli osadziwa chimene chikukuvutani, chifukwa mnzanuyo wakupatsani nkhani yoduka mutu. Liwu lathu loti "kukayika" lasenza katundu wa mawu anayi a Chiarabu amene Asufi, Asilamu otsata njira yoyeretsa mtima, sawasakaniza: qabd, waswasa, shakk ndi hayra. Pa anayiwa alakatuli awo amayamikira hayra yokha, ndipo amaiika kutali kwambiri pa ulendo. Zitatu zinazo ndi zovuta za panjira, chilichonse ndi mankhwala ake. Munthu akamwa mankhwala a malungo pamene vuto ndi njala, amangowonjezera chizungulire.

Zimene mwayamba kufotokoza, misozi kuuma milomo n'kumayenda yokha, dzina lake ndi qabd, kufumbatidwa kwa mtima. Inzake ndi bast, kutambasuka. Mawu onse awiri adachokera mu Qur'an, surah 2 ndime 245, pamene akuti Mulungu ndiye amafumbata ndi kutambasula. Shehe al-Qushayri wa ku Nishapur, m'buku lake la Risala limene adalemba mu 1045, adasiyanitsa zinthu ziwiri zimene inu mwaziphatikiza. China ndi maqam, malo amene munthu amafikapo ndi thukuta lake n'kukhazikika, monga kulapa, kupirira ndi kudalira Mulungu. China ndi hal, mlendo wofika osaitanidwa n'kuchoka osatsanzika. Misozi ya chaka choyamba ija inali hal. Simudaigule, choncho simungaiitanitse ngati katundu wanu. Kudzuka kwanu m'bandakucha zaka zitatu kuli mbali ya maqam, ndipo kumeneko simudataye kanthu.

Qabd ili pawiri. Ina chifukwa chake chimapezeka mukafufuza. Khalani pansi tsiku limodzi, mukumbukire miyezi imene mtima udayamba kuuma: kodi pali ngongole imene mukuizemba, m'bale amene simukulankhulana naye, ndalama yolowa mokhota, miseche imene yazolowereka, kapena mukugona pakati pa usiku foni ili m'manja n'kudzuka mutu uli wolemera? Chikapezeka, konzani chimenecho, zikiri muisiye mmene ilili. Inayo mumafufuza osapeza kanthu. Pa imeneyi al-Qushayri adalangiza kugonja ndi kudikira mpaka nyengoyo idutse, ndipo adachenjeza kuti woyesa kuichotsa mokakamiza amangoikulitsa. Apa ndi pamene ambiri amapunthwa. Amachulukitsa chiwerengero kawiri kapena katatu, amadzifinya kuti alire, amadzimana tulo, pakatha milungu iwiri atopa n'kusiyiratu zonse. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Nkhono mukaigogoda imangolowa m'kati.

Funso lanu lenilenilo Rumi adaliyankha. Mlakatuliyu, amene adabadwa mu 1207 n'kumwalira ku Konya mu 1273, adasiya Masnavi, ndakatulo ya Chiperisiya ya mabuku 6 ndi mizere iwiriiwiri pafupifupi 25,000. M'buku lachitatu muli munthu amene ankaitana dzina la Allah usiku mpaka milomo yake idatsekemera nalo. Satana adamufikira. Sadamuuze kuti akabe kapena akaledzere. Adangomufunsa funso la kalaliki wowerengera ndalama: waitana kambirimbiri, nanga "Ndili pano" n'kamodzi komwe wamumva? Munthu uja mtima udasweka, adaleka, n'kugona. Kutulo adaona Khidr, mtumiki wa Mulungu amene Asufi amamuona ngati mlangizi wobisika, ndipo Khidr adamufunsa chimene wasiyira. Iye adati akuopa kuti wathamangitsidwa pakhomo, poti yankho silikubwera. Uthenga umene Khidr adabwera nawo unali wakuti kuitana kwakeko ndiko kunali yankho, chifukwa moto womudzutsa kuti aitane unkachokera kwa Woitanidwayo. Wotayidwadi, akutero Rumi, ndi amene pakamwa ndi mtima wake zakhomedwa loko, sangathe n'komwe kufuula. Amapereka chitsanzo cha Farawo, amene adapatsidwa chuma ndi ufumu koma osadwalako ngakhale mutu, kuti asapeze chomuliritsa kwa Mulungu.

Onani pamene cholakwa chili m'nthanoyi. Funso lidamufikira, ndipo palibe adamudzudzula pa chimenecho. Khidr adamufunsa za kuleka. Ibn Ata Allah, shehe wa gulu la Shadhiliyya amene adamwalira ku Cairo mu 1309, adanena zomwezo m'mawu ake afupiafupi otchedwa Hikam: usasiye zikiri chifukwa mtima suli pomwepo, pakuti kukhala wopanda zikiri n'koipa kuposa kukhala nayo mtima ukuyendayenda, ndipo kuchokera pa zikiri yosakhazikika mpamene munthu amakwezedwa kufika pa zikiri yogalamuka.

M'buku lachitatu lomwelo muli tchana chikuwira mumphika. Chimadumphira kukamwa kwa mphika n'kumadandaula kwa mayi wophika kuti, poti udandigula, ukundizunziranji? Mayiyo amachikankhira pansi ndi chipande n'kuchiuza kuti sakuchiwiritsa chifukwa chodana nacho, koma kuti chipse, chikhale ndi kukoma. Otsatira a Rumi, a gulu la Mevlevi, fanizoli adalisandutsa lamulo: wofuna kulowa ankatumikira masiku 1,001, kuyambira kukhitchini, kusesa, kutunga madzi ndi kutsuka mbale. Masiku amenewo akungoperewera pang'ono pa zaka zitatu. Ndiye kuti pa muyezo wawo, inu mwangomaliza kumene za kukhitchini.

Tsono funso lija loti "alipo amene akundimva" likhoza kukhala waswasa kapena shakk, ndipo kuzisiyanitsa sikovuta. Waswasa ndi manong'onong'o. Imakonda kubwera nthawi ya swala ndi zikiri, mukakhala kudimba kapena kumpira siioneka. Imakunyansani inu mwini wake. Mukaiyankha lero, mawa yabwera itavala malaya ena. Junayd wa ku Baghdad, amene adamwalira mu 910, adapereka chizindikiro chothandiza: mtima wa zilakolako umakakamira chinthu chimodzi chomwecho mpaka uchipeze, pamene Satana mukamukana apa amasamukira pena, chifukwa kwa iye tchimo lililonse ndi phindu. Mu hadisi zimene adasonkhanitsa Imam Muslim muli nkhani ya maswahaba amene adapita kwa Mtumiki, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, kukadandaula kuti akupeza m'mitima mwawo maganizo oopsa kuwatchula. Iye adawauza kuti chimenecho ndi chikhulupiriro chenicheni, ndipo akatswiri amamasulira kuti ankanena za kunyansidwa kwawo ndi maganizowo. Mankhwala a waswasa ndi kusatsutsana nayo. Pemphani chitetezo kwa Mulungu kamodzi, mupitirize pamene munali. Osabwereza wudhu, osayambiranso chiwerengero pa tasibihi. Kubwereza kulikonse ndi chakudya chake.

Shakk ndi ina. Ndi funso la nzeru lokhala ndi mutu ndi miyendo, limakutsatirani masana, ndipo mukhoza kulilemba m'chiganizo chimodzi chosasintha. Limeneli kulikwirira ndi zikiri yochuluka n'kulakwitsa, limaphukira pansi ngati nsangu. Limafuna mphunzitsi ndi mabuku. Al-Ghazali, amene adamwalira mu 1111, adalemba yekha kuti pa nthawi ina adakayikira ngakhale maso ake: mthunzi umaoneka woima chikhalirecho ukuyenda, nyenyezi imaoneka ngati kandalama kachitsulo chikhalirecho ndi yaikulu kuposa dziko. Adakhala m'menemo pafupifupi miyezi iwiri, ndipo akuti chidamuchiritsa ndi kuwala kumene Mulungu adaponya m'chifuwa mwake. Anthu amakonda kuimira pamenepo. Amaiwala kuti pambuyo pake adakhala zaka akuwerenga mabuku a magulu onse amene ankati ali ndi choonadi, limodzilimodzi, ndipo mu 1095, akuphunzitsa ophunzira 300 ku Baghdad, adalimbana ndi mtima wake miyezi pafupifupi 6 mpaka lilime lidamangika, asadasiye udindo n'kupita ku Damascus. Ngakhale Mneneri Ibrahim, mu surah 2 ndime 260, adapempha kuona mmene akufa amaukitsidwira, ndipo atafunsidwa ngati sakukhulupirira adayankha kuti akukhulupirira, koma akufuna mtima ukhazikike. Ngati funso lanu ndi la mtundu umenewu, lilembeni papepala mupite nalo kwa shehe wophunzira amene sachita mantha ndi mafunso. Safunsa adadya phula.

Tifike pa hayra, kuzunguzika kumene mnzanu adamva mphekesera yake. Malo abwino okuonera ndi ndakatulo ya Farid al-Din Attar, wogulitsa mankhwala ndi zonunkhira wa ku Nishapur, yotchedwa Mantiq al-Tayr, ndiko kuti chiyankhulo cha mbalame, yolembedwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1100. Mbalame zonse zasonkhana kufuna mfumu. Hudhud, mbalame ya nthenga zoimirira pamutu imene idatumikira Mneneri Sulaiman mu surah 27, ikuziuza kuti mfumu yawo, Simurgh, ili kuseri kwa phiri la Qaf. Ulendo usadayambe n'komwe kukayika kwafika kale, koma kwavala zifukwa zomveka bwino. Bulbul, woimba usiku, akuti duwa la rozi lamukwanira. Bakha akuti iye ndi woyera kale, amasamba nthawi zonse, sangasiye madzi. Pikoko akungofuna kubwerera ku munda wa mtendere kumene adathamangitsidwa, za mwini munda alibe nazo ntchito. Kadzidzi akulondera chuma m'mabwinja. Kabawi akuti ali kale padzanja la mfumu ya padziko. Kambalame kena konga timba kakuti n'kofooka, ndipo hudhud ikukauza mosapsatira kuti kudzichepetsa kwakeko ndi chinyengo. Attar akutiuza kuti kukayika kochuluka kwa poyambira ndi chikondi cha chinthu china chimene munthu sakufuna kuchisiya. Musanadzitche wozunguzika, yambani mwafufuza ngati simuli bakha.

Panjirapo pali zigwa 7, ndipo ndondomeko yake ndiyo nkhani yonse: kufunafuna, chikondi, kuzindikira, kusasowa kanthu, umodzi wa Mulungu, hayra, kenako umphawi ndi kutha kwa "ine". Hayra ndi chigwa chachisanu ndi chimodzi. Munthu amalowamo atadutsa kale chigwa cha umodzi, ndiye kuti kuzunguzika kwake n'kwa kuwala kochuluka, ngati wotuluka m'nyumba yamdima dzuwa lili paliwombo. Mukamufunsa ngati alipo kapena palibe, akutero Attar, amayankha kuti sadziwa kanthu, akungodziwa kuti ali m'chikondi koma sangatchule ndi yani. M'chigwa chimenechi muli kankhani ka munthu wolira kuti wataya kiyi ndipo chitseko chake n'chokhoma. Msufi wina adamuuza kuti aleke kulira, poti chitseko akuchidziwa, akhale pomwepo mpaka wina adzatsegule. Msufiyo adati iye mwini alibe kiyi, alibenso chitseko. Ibn al-Farid, mlakatuli wa Chiarabu amene adamwalira ku Cairo mu 1235, adafika popempha kuti kuzunguzika kotereku kumuwonjezekere chifukwa cha kusefukira kwa chikondi. Palibe mlakatuli adapemphapo waswasa yowonjezera.

Muyeso wake ndi uwu. Hayra imamukanikiza munthu pachitseko, amaswali kwambiri, amalankhula pang'ono. Amene akuti ali mu hayra koma swala yayamba kudumphidwa ndipo mkangano wa pa foni wachuluka, sadafikeko. Kunena mosabisa, m'bale wanga, zimene mwalemba zikukuikani m'chigwa choyamba, cha kufunafuna, ndipo si malo onyozeka. Attar akuti m'menemo munthu amatha zaka. Ndi m'mene muli Majnun, mnyamata wa m'nthano amene adapenga ndi chikondi cha Layla, akusefa dothi la pamsewu. Wodutsa adamufunsa chimene akufuna, iye n'kuti Layla. Atamuseka kuti ngale yotere singapezeke m'fumbi, adayankha kuti amamufuna paliponse kuti mwina tsiku lina adzamupeze penapake.

Kutsimikiza nako kuli ndi masitepe, amene Asufi adawatenga ku mawu a mu surah 102 ndi surah 56: kudziwa, kuona, ndi kukhala m'chinthucho. Attar adawajambula ndi akadziotche. Adasonkhana usiku kufuna kudziwa za kandulo. Woyamba adapita, adaona kuwala pawindo ali patali, n'kubwera kudzafotokoza. Wamkulu wawo adati sadziwa kanthu. Wachiwiri adayandikira mpaka mapiko adawauka, n'kubwerera. Nayenso adamukana. Wachitatu adalowa m'lawi n'kufiira ngati moto womwewo, ndipo wamkulu uja adati uyo ndiye wadziwa, ngakhale sadzabweranso kudzatiuza. Munthu wa sitepe yoyamba akamadziyesa ndi muyezo wa yachitatu adzadzipeza wopanda chikhulupiriro tsiku lililonse, chikhalirecho ali nacho cha msinkhu wake.

Mwa mbalame zikwizikwi zimene zidanyamuka zidafika 30 zokha, zothothoka nthenga. Zina zidamira m'nyanja, zina zidafa ndi ludzu, zina zidakopeka ndi zokongola za m'njira n'kukhala komweko. Ndipo zitafika, mlonda wa pakhomo adayamba wazibweza, akuti mfumu ilibe nazo ntchito. Zidakana kuchoka, ndiye chitseko chidatseguka. M'Chiperisiya, dzina la mfumu ija, Simurgh, mukaligawa pawiri kuti si murgh, ndi "mbalame 30".

Pali nthano ina yaitali m'ndakatulo yomweyo imene ambiri amaiwerenga ngati ya chikondi, koma phindu lake kwa inu lili pa anzake a munthuyo. Shehe San'an adakhala ku Makka zaka 50 ndi ophunzira 400. Adalota akugwadira fano ku dziko la Rum, adapita kukaona tanthauzo la lotolo, adagwa m'chikondi ndi mtsikana wa chipembedzo china, ndipo adataya zonse mpaka kufika poweta nkhumba. Ophunzira adachita manyazi n'kubwerera kwawo. Mmodzi amene padalibe pa ulendowo adawakalipira: mudadya naye pa mtendere, mwamuthawa pa tsoka? Adabwerera nawo, adapemphera ndi kusala masiku 40, mpaka shehe adatsitsimuka. Shehe wa zaka 50 sadadzitulutse yekha m'khola la nkhumba. Ndiye ngati mudayamba kujomba zikiri ya pagulu chifukwa mukudziona wachinyengo pakati pa anzanu olira, bwererani sabata ino. Koma sankhani womuuza za mumtima. Hafez wa ku Shiraz, m'ndakatulo yotsegulira buku lake, akunena kuti chikondi chidaoneka chapafupi poyamba kenako zovuta zidagwa, ndipo akufunsa kuti oyenda opanda katundu pagombe angadziwe bwanji za amene ali pa mafunde usiku wamdima. Wa ku Mangochi safunika kumumasulira zimenezo. Fufuzani amene mwera udamupezapo pakati pa nyanja.

Za chiwerengero, ngati muli m'gulu la Qadiriyya monga Asilamu ambiri a m'mbali mwa nyanja, chimene shehe wanu adakupatsani ndicho muyezo, osawonjezera mwa inu nokha. Ngati mudadziikira nokha, onani mmene a Shadhiliyya ambiri amachitira: kupempha chikhululuko ka 100, kumufunira Mtumiki madalitso ka 100, ndi la ilaha illa Allah ka 100, m'mawa ndi madzulo. Sizitha theka la ola. Ngati zanu zidapitirira pamenepo, dulani mpaka zifike pamene mungakwanitse tsiku loipitsitsa, muli pamaliro kapena mukudwazika mwana kuchipatala. Hadisi ya mayi Aisha imene ili m'mabuku a hadisi a Bukhari ndi Muslim ikuti ntchito yokondedwa kwambiri kwa Mulungu ndi yopitirira, ngakhale ichepe. Nthawi ikhale yomweyo, malo omwewo. Tsiku likakuphonyani, yambirani pa nthawi yotsatira, osadzilanga ndi chiwerengero chachikulu. Lekaninso kudzipima mtima mukangomaliza, poti kutero n'kufukula chinangwa m'mawa uliwonse kuti muone ngati chayamba kuika. Dzipatseni masiku 40, ndipo podzaunika musayang'ane misozi. Yang'anani lilime lanu pa anthu, mkwiyo wanu pakhomo, ndi mmene mukubwezera za eni.

Masiku 40 amenewa musawasokoneze ndi khalwa, kubindikira kumene Asufi adatengera ku mausiku 40 a Mneneri Musa mu surah 7 ndime 142. Kumeneko kumakhala kuchepetsa chakudya ndi tulo, ndipo sikuchitika popanda shehe woyang'anira. Munthu wa waswasa akadzitsekera yekha m'chipinda, wangoipatsa bwalo. Ndipo ngati kuumako kwafalikira pa zonse, chakudya sichikukoma, tulo tathawa, ntchito yaima kwa milungu yoposa iwiri, kapena mukubwereza wudhu mpaka nthawi ya swala kutha, kapena maganizo odzipweteka akubwera, pitaninso kuchipatala mukafotokoze. Zimenezo zapitirira qabd.

Ndakatulo za pa WhatsApp muziwerenga ndi diso limodzi lotsegula. Zambiri zidachoka m'Chiperisiya kulowa m'Chingerezi, m'njiramo Qur'an, swala ndi Mtumiki zidachotsedwamo, n'kutsala mizere iwiri yokomera aliyense. Vinyo, fano ndi nyumba ya mowa m'ndakatulozi ndi mafanizo, ndipo Mahmud Shabistari adawamasulira limodzilimodzi m'ndakatulo yake ya Gulshan-i Raz cha m'ma 1317. Ngakhale kandakatulo kotchuka koitana munthu kuti abwere ngakhale adaswa kulapa kwake ka 100, kamene kamayenda ndi dzina la Rumi, sikapezeka m'mipukutu yake yakale kwambiri, ndipo ena amakapereka kwa Abu Sa'id, amene adamwalira mu 1049. Mnzanu akakutumiziraninso mizere ya Rumi, mufunseni kuti yachokera m'buku liti la Masnavi ndipo nthano yake ikuyambira pati, muiwerenge yonse.